Tijambule kafilimu kathu: ndondomeko yopangira filimu yoseketsa ndi ana athu kuno ku Joni

Holide ya nthawi yozizira ija, kumapeto kwa June kulowa mu July, ana athu kuno ku Joni amangobindikira m'nyumba, makolo tili ku ntchito, panja sitingawalole kumangoyendayenda, nde amathera pa foni kuyambira m'mawa mpaka tibwere. Chaka chatha ine ndi achinyamata a ku tchalitchi kwathu ku Turffontein tinagwirizana kuti foni yomweyo tiipatse ntchito ina, tijambule filimu. Kanatuluka kafilimu ka mphindi 12, koseketsa, nkhani yake ya mtsikana wa zaka 16 amene mtima wake wonse uli pa zisudzo pomwe mayi ake anatsimikiza kalekale kuti adzakhala nesi basi. Tsiku limene tinakaonetsa mu holo azimayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo kuchokera pamenepo anzanga a ku Yeoville, Cosmo City ndi Diepsloot akhala akundifunsa kuti anti munapanga bwanji, kamera munabwereka kuti. Kamera kunalibe abale anga, tinali ndi mafoni awiri ndi ana ofunitsitsa. Nde ndati ndilembe zonse mmene tinayendera kuti nanunso mukayese kwanuko.

Choyamba, nkhani

Apa ndipamene ndikhalitse chifukwa filimu imafera apa kapena kuchirira apa. Ana mukawafunsa kuti tijambule chani, oyamba kuyankha akuuzani za mfuti, magalimoto othamangitsana, mtsikana wa kunyumba yachisanja ku Sandton, zimene amaonera pa TV. Musawakalipire, ingowafunsani funso lina: sabata ino kunyumba kwanu chinakuseketsani ndi chani? Poyamba amachita manyazi koma mmodzi akangoyamba ena onse amatsegula pakamwa. Kwa ife wina anati amayi anga akamaimba foni ku Mangochi amakuwa ngati foniyo siikugwira ntchito, mawu akufuna akafike okha. Wina anati ine amayi akandiimbira ndili ndi anzanga a kusukulu ndimayankha monong'ona kuti asamve Chichewa. Pamenepo onse anangoti zii, chifukwa aliyense anadziona. Ndinadziwa kuti nkhani yathu ndi imeneyo.

Mtsikana wa mu filimu yathu anabadwira konkuno, kusukulu amalankhula Chizulu ndi Chingerezi, kunyumba Chichewa chake ndi chija chopindika chimene agogo akumudzi amaseka pa vidiyo kolo. Wamva za odishoni, mayeso aja osankhira osewera, akufuna akayese, koma amayi asadziwe. Malo okhawo amene angayesererepo ali yekha ndi bafa la panja limene amagawana ndi matenanti ena anayi. Nde akulowa, kukhoma, kuyamba mawu ake a mu sewero mokweza ndithu, akulira, bwanji mwandisiya ndekha, ndinalakwa chani. Amayi akuchokera ku ntchito atanyamula pulasitiki ya ndiwo, aima pakhomo la bafa kumvetsera, nkhope ikusintha pang'onopang'ono. Pofika madzulo kachipinda kadzaza amayi a mvano atavala zoyera, ena akuti ndi ziwanda, ena akunong'onezana kuti mwina ndi mimba, mwana ali pakati pawo sakudziwa ayambire pati. Sini imeneyi ndi imene inagwetsa anthu mu holo, ndipo palibe amene ananenamo nthabwala ngakhale imodzi. Aliyense mmenemo akuchita zinthu ndi mtima wonse, amayi akuopadi, mwana akuvutikadi, choseketsa chikuchokera poti ife owonera tikudziwa zimene iwo sakudziwa.

Chimene ndikukupemphani, musapange amayiwo kukhala chitsiru kapena mfiti ya nkhanza. Ali ndi chifukwa chawo. Amadzuka 4 koloko kukakwera tekisi ziwiri kupita kukakolopa nyumba ya eni, atumize kumudzi, alipire renti, nde mwana akuti ndikufuna zisudzo, inu mungamve bwanji? Mu nkhani yathu pafupi ndi mapeto zimadziwika kuti amayiwo ali ku sekondale kumudzi ankapanga nawo masewero a ATEM aja, mpikisano wa zisudzo za Chingerezi wa masukulu, anasiya chifukwa cha fizi. Ndipo mtsikanayo odishoni sapambana ayi. Chimene chimasintha ndi choti atamufunsa dzina amalitchula bwinobwino mmene amalitchulira agogo ake, osalipinda kuti limveke ngati la konkuno, ndipo potuluka apeza amayi akumudikira pageti ndi magwinya mu pepala. Filimu ya mwana amene akukula imafuna kusintha kamodzi kokha ngati kameneko. Musafune kuti amalize ali pa TV ndi galimoto.

Chachiwiri, lembani

Ambiri kwathu tinazolowera zisudzo zongouzana kuti iwe ukalowa uzikanena zakutizakuti, zina uona konko. Pa siteji zimatheka, pa kamera zikuvutani, chifukwa sini imodzi mumaijambula kangapo ndipo mawu akuyenera kufanana kuti podula, pamene mukusanja zojambulazo kukhala filimu imodzi, zilumikizane. Nde lembani. Anthu a mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la sikiriputi ndi pafupifupi mphindi imodzi, choncho masamba 10 kapena 12 akukwanirani, musapyole apo ulendo woyamba. Pamwamba pa sini iliyonse lembani malo, mkati kapena panja, masana kapena usiku, kenako zimene zikuoneka, kenako mawu. Malo asapose atatu kapena anayi, osewera enieni asapose asanu. Malo aliwonse owonjezera ndi thiransipoti, ndi chilolezo, ndi tsiku lina.

Mukamaliza khalani pansi muwerenge mokweza limodzi ndi anawo, pensulo ili m'manja. Paliponse mwana akati anti ife sitilankhula choncho, fufutani mulembe mmene akunenera iyeyo. Asakanize Chichewa, Chizulu, Chingerezi mmene amachitira pa tebulo la nsima, musawakonze kuti alankhule ngati wowerenga nkhani pa MBC. Akuluakulu okha ndi amene alankhule Chichewa chakumudzi chenicheni, ena ndi Chiyao kapena Chitumbuka apo ndi apo, ndipo kusiyana kumeneko pakokha kumaseketsa komanso kumakhudza.

Chachitatu, makolo

Musajambule mwana wa munthu makolo asakudziwa, ngakhale akhale mwana wa mchemwali wanu. Pitani nokha kapena imbani, osangotuma mwanayo kuti ukawauze. Lembani kapepala kachidule: dzina la mwana, masiku ojambula, malo, nthawi yobwerera, komanso ngati akulola kuti filimuyo idzaikidwe pa YouTube kapena Facebook, kholo lisaine. Kuno ku South Africa kuli lamulo la POPIA loteteza zokhudza munthu, ndipo kwa mwana wosakwana zaka 18 chilolezo chimachokera kwa kholo kapena womuyang'anira. Palinso china chimene ife tikuchidziwa tokha: mabanja ena sakufuna nkhope zawo kapena nyumba zawo zioneke pa intaneti pa zifukwa zawo. Akakana musafunse zambiri, mwanayo mupatseni ntchito ya kuseri, agwire maiki kapena alembe mashoti, tizidutswa timene mwajambula. Pojambula musaonetse nambala ya nyumba, dzina la msewu, kapena baji ya sukulu pa yunifomu. Ife tinagwiritsa ntchito shati yoyera ndi juzi yopanda chizindikiro, zinaoneka za sukulu bwinobwino.

Ndipo tsiku lililonse lojambula pakhale akuluakulu awiri, mmodzi akhale mzimayi. Izi musanyengerere.

Chachinayi, kusankha osewera

Pangani kaodishoni kanu Loweruka masana. Aliyense awerenge sini imodzi yomweyo, muwajambule pa foni, mukaonere kunyumba modekha. Mudzadabwa. Mwana amene amaseketsa gulu lonse pa kwaya nthawi zambiri pa kamera amachulutsa, maso kutong'ola, manja mmwamba, chifukwa anazolowera kuti wakumbuyo kwa tchalitchi aone. Kamera ili pafupi, imaona ngakhale kumeza malovu. Wathu amene anatenga mbali yaikulu ndi kamtsikana kofatsa kamene kamakhala pakona, koma kakamamvetsera mnzake akulankhula nkhope yake imayankha yokha. Yang'anani ameneyo, womvetsera. Njira ina yoyesera, akamaliza muuzeni abwerezenso koma ulendo uno ngati akubisa kuti waswa mbale. Akasintha ndiye kuti amamva malangizo, mungagwire naye ntchito.

Mbali za akuluakulu musapatse ana atavala duku ndi kuthira ufa kumutu, zimenezo ndi za siteji. Pemphani amayi enieni. Amakana kawiri, kachitatu amabwera ndi anzawo. Ndipo amene sanasankhidwe asapite kwawo manja lende, filimu imafuna wogwira maiki, woyang'anira zovala, wolemba kuti shoti iyi yabwino ndi yachingati, woletsa phokoso pageti. Onsewo maina awo adzatuluke kumapeto.

Chachisanu, zida, makamaka mawu

Foni iliyonse yojambula 1080p ikukwanira. Igwireni chopingasa ngati mukufuna kudzaonetsa pa TV kapena pa khoma. Ngati foni yanu imalola kusankha, ikani pa mafelemu 25, ndiye kuti zithunzi 25 pa sekondi, chifukwa magetsi a kuno ndi a 50Hz ndipo mukajambula pa 30 pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethira. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu musanayambe, ikani foni pa eyapuleni modi kuti wina asakuimbireni pakati pa sini, dinikizani chala pa nkhope ya wosewera kwa kanthawi kuti fokasi ndi kuwala zikhazikike zisamasinthesinthe. Zumu musaikhudze, mukafuna pafupi yandikirani ndi miyendo. Kathirayipodi kotchipa kamapezeka m'mashopu a mafoni ku Fordsburg ndi m'tauni, kapena sanjikizani mabuku pa mpando. Tengani pawabanki, ndipo foni ikhale ndi malo, zithunzi za ukwati wa chaka chatha zisamutseni kaye.

Tsopano mawu. Ndimvereni bwino apa chifukwa ndi pamene mafilimu athu ambiri amagwera. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akapanda kumva zimene akunena amatseka, ndipo nthabwala yosamveka ndiye kuti palibe nthabwala. Foni imene ikujambula chithunzi imakhala patali, imatola chilichonse, nde foni yachiwiri ikhale ya mawu okha. Tsegulani voisi rekoda, ibiseni pafupi ndi olankhula, kuseri kwa shuga pa tebulo kapena m'thumba la shati, kapena imangirireni ku mtengo wa tsache wina aigwire pamwamba pa mitu posaoneka. Mukakhala ndi kandalama gulani timaiki tomata pa kolala tija. Shoti iliyonse isanayambe wina aombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera, kuomba kumeneko ndi kumene mudzagwiritse polumikiza mawu ndi chithunzi. Wogwira mawu avale mahedifoni amvetsere mukangomaliza shoti, osadikira kunyumba.

Joni ndi mzinda waphokoso, simumadziwa mpaka mutayamba kujambula. Matekisi akuliza mahutala, alamu ya galimoto, jenereta ya pa spaza, neba watsegula gumbagumba. Ndiye pali mbalame zija za hadeda, ife zinationongera sini ya amayi ndi mwana pakhonde kanayi konse, mwana wangofika pa mawu okhudza mtima zokha zayamba kukuwa pa denga. Palibe chochita, mumadikira zipite. Mukalowa m'nyumba zimitsani filiji ndi TV, koma ikani makiyi anu mufilijimo kuti musaiwale kuyatsanso pochoka, nyama ya eni ingaonongeke. Mukamaliza pamalo aliwonse uzani onse akhale chete masekondi 30 mujambule phokoso la chipindacho lokha, lidzakuthandizani kutseka mipata podula.

Kuwala, gwiritsani windo. Wosewera ayang'ane kumene kukuchokera kuwala kapena kumugwere cham'mbali, windo lisakhale kumbuyo kwake chifukwa khungu lathu limangosanduka mthunzi. Katoni yokutira ndi foyilo kapena pepala loyera lalikulu imabweza kuwala pa nkhope bwino kwambiri.

Chachisanu ndi chimodzi, malo ndi nthawi

Jambulani kumene mukudziwika. Chipinda chanu, yadi yanu, holo ya tchalitchi, saluni ya mlongo wanu. A landilodi auzeni kusanache, ndi matenanti anzanu omwe, makamaka ngati mukutseka bafa kwa maola awiri ngati ife. Malo ngati Park Station, Gautrain ndi mamolo ali ndi eni ake ndipo amafuna chilolezo, ife tinayesa pa molo ina sekyurite anatiimitsa tisanajambule ngakhale shoti imodzi, tinangopepesa nkuchoka, tsiku linapita. Mukafuna kujambula pa msewu mwadongosolo a Gauteng Film Commission ndi amene amalozera za zilolezo. Koma kunena zoona ndi ana komanso mafoni m'manja, pakati pa tauni ine sindikulimbikitsani, foni imapita muli chiyang'anire. Sini ya mu tekisi tinapempha m'bale wina woyendetsa, Lamulungu masana itaima pa yadi, anyamata awiri akuigwedeza kumbuyo, tinajambula moyandikira nkhope ndipo palibe anazindikira.

Ubwino wa June ndi July ndi woti mvula kulibe, kumwamba kumakhala koyera tsiku ndi tsiku nde mashoti a masiku osiyana amafanana. Kuipa kwake dzuwa limalowa msanga, ikamakwana 5:30 kwada, ndipo m'mawa kumazizira koopsa, ana abwere ndi majekete ndi mabulangete ovala podikira. Masana enieni dzuwa la kuno limakhala lakuthwa, limapanga mithunzi m'maso, choncho za panja jambulani m'mawa kapena kuyambira 3 koloko, za m'nyumba masana. Mukasankha holide ya December dziwani kuti masana mvula ya mabingu imabwera mwadzidzidzi, yambani m'mamawa. Za magetsi, onani ngati kwanuko kuli lodishedingi kapena vuto lina tsiku limenelo, tchajani zonse usiku.

Chachisanu ndi chiwiri, tsiku lojambula

Simujambula motsatira nkhani, mumajambula motsatira malo. Masini onse a m'bafa tsiku limodzi, onse a kuholo tsiku lina. Usiku wake tumizani pa gulu la WhatsApp: mawa tikumana nthawi yakuti, malo akuti, masini awa, uyu avale chakuti. Ife tinkakwanitsa masamba atatu pa tsiku, masiku anayi zonse zinatha. Musapitirire maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ana akatopa nthabwala zimafa.

Sini iliyonse ijambuleni katatu kosiyana. Koyamba patali, onse akuoneka ndi malo omwe, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kenako pafupi pa nkhope ya woyamba, sini yonse. Kenako pafupi pa wachiwiri, sini yonsenso, ngakhale pamene sakulankhula, chifukwa mu filimu yoseketsa anthu amaseka kwambiri nkhope ya amene akumva kuposa ya amene akunena. Nkhope ya amayi pakhomo la bafa ija sananene kanthu koma ndi imene anthu akuikumbukirabe. Anthu awiri akamalankhulana yerekezani kuti pali chingwe chochoka kwa wina kupita kwa mnzake, kamera ikhale mbali imodzi ya chingwecho nthawi zonse, mukadumpha adzaoneka ngati onse akuyang'ana kumodzi. Tolaninso tizinthu tating'ono, dzanja pa chitseko, poto akuwira, foni ikulira pa bedi, timapulumutsa podula.

Woyang'anira zovala ajambule chithunzi cha wosewera aliyense musanayambe. Ife tsiku lachitatu mtsikana wathu anabwera ataluka tsitsi latsopano, lokongola ndithu, koma theka la filimu anali ndi lakale, tinachita kumuveka chipewa cha ubweya masini otsalawo nkuwonjezera mzere woti kukuzizira. Nde auzeni poyamba pomwe: palibe kumeta, palibe kuluka mpaka timalize.

Polankhula ndi wosewera musamuuze kuti seketsa kapena lira. Muuzeni chimene akufuna: ukufuna amayi atuluke m'chipinda asanaone pepala lili pansi pa pilo. Akalakwitsa musamudzudzule pagulu, muitanireni pambali. Wina akaphulika kuseka pakati pa sini musazimitse msanga, zimenezo mudzaziika kumapeto anthu amazikonda. Ndipo chakudya chisasowe. Makolo athu anasonkha, wina ufa, wina nkhuku, wina kabichi, amayi awiri ankaphika, masiku ena buledi ndi tiyi basi. Ndalama zambiri zimene tinaononga zinapita ku chakudya ndi tekisi, osati zida.

Madzulo aliwonse koperani zonse pa laputopu komanso pa fulashi, malo awiri. Musatumizirane pa WhatsApp mwachizolowezi chifukwa imafinya vidiyo nkuononga, gwiritsani chingwe kapena tumizani ngati dokyumenti.

Chachisanu ndi chitatu, kudula

Pulogalamu yodulira vidiyo ya CapCut pa foni imakwanitsa, amene ali ndi laputopu yamphamvu pali DaVinci Resolve yaulere. Ntchito iyi apatseni ana awiri odekha, amaidziwa kutiposa, inu muzingokhala pambali. Yambani ndi kulumikiza mawu pa kuomba m'manja kuja, kenako sanjani masini onse motsatira nkhani osasamala kukongola, muonere yonse, kenako muyambe kuchotsa. Lowani mu sini mochedwa, tulukani msanga. Zogogoda, odi, lowani, mwaswera bwanji, kaya inu, ndi ulemu wabwino pamoyo koma mu filimu zimadya nthawi, siyani pokhapo pamene moniyo ali ndi ntchito. Nthabwala ikagwa siyani kampata kakang'ono pa nkhope ya womvayo kenako dulani, mukachedwa sekondi imodzi yokha yazizira. Timawu toseketsa ta pa TikTok tija ndi kuseka kojambulidwa, chonde ayi.

Nyimbo za oimba otchuka musaike, YouTube imazizindikira yokha ndipo ikhoza kutseka vidiyo yanu, komanso ndi thukuta la eni. Ife mnyamata wa kiyibodi ku kwaya anatipangira kanyimbo kake, atsikana anaimba. Ikani masabutaitolo a Chingerezi, anzawo a kusukulu aonere nawo, ndipo pamene ana akulankhula Chizulu ikani a Chichewa kuti akumudzi asatsalire. Musanatulutse onetsani anthu atatu amene sanali nawo, muziyang'ana nkhope zawo osati sikirini. Pamene agwira foni zawo, pamenepo pakufunika lumo.

Chachisanu ndi chinayi, kuonetsa

Isanapite pa intaneti ionetseni kaye kwa eni ake. Bwerekani purojekita, nsalu yoyera pa khoma, sipika ya tchalitchi, yesani zonse kutatsala ola. Osewera akhale kutsogolo ndipo pomaliza aitaneni onse ndi a kuseri omwe aime anthu awaombere m'manja. Makolo akaona ndi kuvomera ndi pamene muike pa YouTube, ndipo makomenti muziwayang'anira kapena atsekeni, anthu ena pa intaneti alibe chisoni ndi ana, makamaka ana a obwera.

Nanga mwana akati ndikufuna kupitiriza?

Zidzachitika, kwa ife anali awiri. Apa mwayi wathu ndi woti tili mu mzinda umene zinthuzi zilipo. Kuyambira Grade 10 masukulu ena ali ndi phunziro la Dramatic Arts mpaka matiriki, funsani pa sukulu yake nthawi yosankha maphunziro isanakwane. Ku Braamfontein kuli National School of the Arts, sekondale ya zaluso imene amalowa pochita odishoni. Ku Parktown kuli National Children's Theatre imene imaphunzitsa ana. Ku Newtown kuli Market Theatre, inatsegulidwa mu 1976 mu nyumba imene kale unali msika wa zipatso, ndipo ili ndi sukulu yake ya zisudzo, Market Theatre Laboratory, ya amene amaliza sekondale. Yunivesite ya Wits, komanso sukulu ya AFDA ya ku Auckland Park, amaphunzitsanso za zisudzo ndi mafilimu. Ngakhale musanafike pa za sukulu, mutengeni mwanayo tsiku lina akaonere sewero lenileni ku Market, ku Joburg Theatre kapena ku Soweto Theatre, aone mmene anthu amagwirira ntchitoyi.

Koma chenjerani ndi odishoni za pa Facebook ndi Instagram. Ejenti weniweni amadya pa ntchito imene wakupezerani, amatenga gawo lake mukalipidwa. Wina akati lipirani kaye kuti mwana alowe mu sewero la pa TV, kapena akuti tumizani zithunzi atavala zosambira, kapena abwere yekha ku fulati madzulo, thawani ndipo chenjezani anzanu. Mukhoza kuona ngati ejentiyo ali m'bungwe la Personal Managers' Association, ndipo osewera ali ndi bungwe lawo la South African Guild of Actors. Mwana wosakwana zaka 15 akamalembedwa ntchito ya zisudzo kapena yotsatsa malonda, womulembayo amayenera kukhala ndi pemiti yochokera ku Department of Employment and Labour, muli ndi ufulu woifunsa. Ntchito yolipidwa adzafunanso mapepala a mwanayo, nde nkhani imeneyi iyambeni kuilongosola msanga osadikira tsiku limene mwayi wagogoda. Ku odishoni iliyonse mupite naye, mukhale panja pa chitseko mpaka atuluke.

Kafilimu kanu kaja kadzamuthandiza pamenepa. Dulani mphindi imodzi ya masini amene wasewera bwino, musunge pa foni pamodzi ndi chithunzi chake chimodzi chojambulidwa pa windo, nkhope yoyera yopanda fyuluta, ndi kapepala ka msinkhu wake ndi zilankhulo zimene amatha. Pa zilankhulopo alembe zonse, Chingerezi, Chizulu, Chisutu ngati amachitha, ndi Chichewa chomwe. Mtsikana wathu uja poyamba Chichewa anachisiya, ndinamubwezera pepala kuti awonjezere, analemba yekha pamwamba pa zinazo.